Mafunso ndi Mayankho: Akhristu, Baibulo ndi Mapeto a Dziko Pansi pa Ulamuliro wa Asilamu Oyambirira

Pakati pa chaka cha 634 ndi 642, asilikali a Aluya analanda Syria, Palestine, Iraq ndi Egypt. Mu 711 anawoloka nyanja n'kulowa m'dziko la Spain. M'madera onsewa munali Akhristu ochuluka, okhala ndi mabishopu awo, nyumba za amonke ndi sukulu zakale zophunzitsa Malemba. Anthuwa atapezeka ali pansi pa mafumu a chipembedzo china, anatsegula Baibulo kuti amvetse chimene chawagwera.

Kodi Akhristuwo anathamangitsidwa kapena kukakamizidwa kusiya chikhulupiriro?

Ambiri ayi. Nkhondo inapha anthu ndipo ena anagwidwa ukapolo, koma zinthu zitakhazikika olamulira atsopanowo anafuna msonkho kuposa kutembenuza anthu. Akhristu ndi Ayuda ankawerengedwa kuti ndi anthu otetezedwa: ankapereka msonkho wapadera wotchedwa jizya, n'kumapemphera m'matchalitchi awo ndi kudziweruzira okha milandu ya m'banja. Ena anali alembi a boma. Bambo ake a John wa ku Damascus, mphunzitsi wodziwika wa mpingo, anali mkulu wa zachuma kwa khalifa, wolamulira wamkulu wa Asilamu.

Ufuluwu unali ndi malire ake. Mkhristu sankaloledwa kulalikira kwa Msilamu. Msilamu wolowa Chikhristu ankatha kuphedwa, chimodzimodzinso wonyoza Mtumiki Muhammad poyera. Ndipo mibadwo ikamapita, ana a Akhristu ankasiya chinenero cha makolo n'kumalankhula Chiarabu, ena n'kulowa Chisilamu mwa kufuna kwawo. Chimenechi ndicho chinkasowetsa tulo abusa a mipingo kuposa lupanga.

Nanga funso lawo lalikulu linali lotani?

Linali lakuti, Mulungu waloleranji zimenezi? Kwa zaka pafupifupi 300 Akhristu a mu ufumu wa Aroma anazolowera kuganiza kuti kupambana kwa mfumu yawo pankhondo ndi umboni wakuti chikhulupiriro chawo n'choona. Tsopano opambana anali ena, ndipo nawonso ankanena kuti Mulungu ndiye wawapatsa mayiko amenewa.

Yankho loyamba, ndiponso lofala kwambiri, linali lodziloza okha: tachimwa, ndipo Mulungu akutikwapula. Pa Khirisimasi ya 634, Sophronius, mkulu wa mpingo ku Yerusalemu, analalikira kwa anthu amene analephera kupita ku Betelehemu chifukwa asilikali a Aluya anali m'njira. Iye anawauza kuti machimo awo ndiwo atseka njirayo, ndipo alape. Patapita zaka zochepa, Sophronius yemweyo ndiye anapereka mzindawo m'manja mwa Asilamu. Chomvetsa chisoni n'chakuti mipingo inali yogawanika kale, makamaka chichitikire msonkhano wa ku Chalcedon mu 451, ndipo kawirikawiri mpingo uliwonse unkati tchimo lobweretsa chilangocho ndi chiphunzitso cha mpingo winawo.

Tiyerekeze kuti buku limene ankaliwerenga kwambiri ndi Chivumbulutso?

Kum'mawa ayi. Baibulo lodziwika la Chisiriya, chinenero chapachibale ndi Chiaramu chimene Yesu ankalankhula, limatchedwa Peshitta, ndipo Chipangano Chatsopano chake chinali ndi mabuku 22 okha. Munalibe 2 Petro, 2 ndi 3 Yohane, Yuda, ndiponso Chivumbulutso. Choncho akafuna za masiku otsiriza ankapita kwa Danieli, ku Ezekieli 38 ndi 39 kumene kuli Gogi ndi Magogi, ku Mateyu 24, ndi ku 2 Atesalonika 2. Ankawerenganso Genesis 16, nkhani ya Hagara ndi Ismaeli, chifukwa Aluya ankawatcha ana a Ismaeli.

Danieli 7 ndiye anawavutitsa kwambiri. Aphunzitsi ambiri akale anali atanena kuti chilombo chachinayi, ufumu womaliza, ndi Roma. Nanga ufumu watsopanowu aupezere malo pati? Wolemba mbiri wina wa ku Armenia wa m'zaka za m'ma 660, amene buku lake limadziwika ndi dzina lakuti Sebeos, sanazengereze: anasanjanso zilombozo n'kunena kuti chachinayi ndi ufumu wa Ismaeli. Ena anakana zimenezi. Anaumirira kuti Roma akadali ufumu womaliza, ndipo Aluya ndi chikwapu chongodutsa.

Ndani analemba buku limene linatchuka koposa onse?

Dzina lake lenileni silinalembedwe. Anali Mkhristu wolankhula Chisiriya wa kumpoto kwa Mesopotamia, ndipo analemba cha m'ma 691 kapena 692. Buku lake analiika m'kamwa mwa Methodius, bishopu amene anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro cha m'ma 311, ngati kuti bishopuyo anaoneratu zonse ali paphiri la Sinjar. N'chifukwa chake akatswiri amalitcha Pseudo-Methodius.

Bukuli limayambira pa Adamu n'kumatsika ndi mibadwo. Limakumbutsa kuti ana a Ismaeli anatulukapo kale m'chipululu, Gideoni n'kuwagonjetsa. Kenako limati adzatulukanso, osati chifukwa chakuti Mulungu amawakonda, koma chifukwa cha dama ndi machimo ena a Akhristu. Limafotokoza misonkho yosasiya akazi amasiye, ana amasiye ngakhale ansembe. Limadandaula kuti ambiri adzakana Khristu popanda wowamenya kapena kuwaopseza. Ulamuliro umenewu likuti udzatha pakapita masabata 10 a zaka, ndiye kuti zaka 70.

Ikatha nthawi imeneyo, mfumu ya Agiriki, kutanthauza mfumu ya ku Constantinople, idzadzuka ngati munthu amene anali m'tulo, n'kugonjetsa Aluya. Padzakhala mtendere. Kenako zipata za kumpoto, zimene nthano inkati Alexander Wamkulu anatsekera mitundu yoopsa, zidzatseguka, ndipo Gogi ndi Magogi adzasakaza dziko mpaka mngelo atawawononga. Pomaliza mfumu ija idzakwera ku Gologota, idzavula chisoti chake chaufumu n'kuchiika pamtanda, ndipo mtandawo udzakwezedwa kumwamba. Apo ndiye Wokana Khristu adzalamulira kanthawi, Ambuye n'kubwera kudzamuwononga.

Taonani bwino dongosololi. Mlembiyu sanati Asilamu ndiwo Wokana Khristu. Kwa iye iwo anali chiyeso chobwera mapeto asanafike. Cholinga chake chinali kuuza Mkhristu wotopa ndi msonkho kuti asachoke mumpingo, chifukwa nthawi yatsala pang'ono.

N'chifukwa chiyani linalembedwa nthawi imeneyo, osati kale Aluya atangofika?

Chifukwa apa ndi pamene zinaonekera kuti Aluya sakuchoka. M'zaka za m'ma 680 Asilamu ankamenyana okhaokha, ndipo mu 686 ndi 687 kumpoto kwa Mesopotamia kunagwa mliri ndi njala. Mmonke wina, John bar Penkaye, amene anaona zimenezi ndi maso, analemba kuti mapeto afika ndipo ufumu wa Aluya ukugwa. N'zochititsa chidwi kuti John yemweyo anayamikira mtendere umene unalipo m'masiku a khalifa Mu'awiya.

Koma ufumuwo sunagwe. Khalifa Abd al-Malik anagonjetsa adani ake mu 692. Anawerenga anthu n'kukhwimitsa msonkho. Anamanga Dome of the Rock ku Yerusalemu, pamalo pamene panali Kachisi, ndipo m'kati mwake munalembedwa mawu a m'Korani okana kuti Mulungu ali ndi mwana. Zaka zotsatira anasula ndalama zokhala ndi mawu a Chisilamu okhaokha, ndipo Chiarabu chinalowa m'malo mwa Chigiriki ndi Chiperisiya m'mabuku a boma. Mukawonkhetsa zaka 70 pa 622, chaka chimene kalendala ya Chisilamu imayambira, mupeza 692. Mlembi uja ankauza anzake kuti chipulumutso chili pakhomo.

Akuti m'bukuli muli za Ethiopia. Zikubwera bwanji?

Zikuchokera pa Salimo 68:31, pamene pakunenedwa za Kusi, kutanthauza Ethiopia, kutambasulira manja kwa Mulungu. Akhristu ena ankayembekezera kuti mfumu yachikhristu ya ku Ethiopia ndiyo idzawapulumutse. Mlembiyu anatsutsa. Anapanga mzere wa makolo wonena kuti mayi wa Alexander Wamkulu anali mwana wa mfumu ya Kusi, ndipo mafumu a Agiriki ndi Aroma anachokera mwa mayi ameneyu. Potero vesilo analikokera kwa mfumu ya ku Constantinople. Mzere wa makolowo ulibe umboni uliwonse. Ukutionetsa chabe kutalika kwa mtunda umene munthu angayende pofuna kuti vesi ligwirizane ndi chiyembekezo chake.

Nanga ku Spain zinali bwanji?

Kumeneko Chivumbulutso chinali buku lokondedwa. Msonkhano wa mabishopu ku Toledo mu 633 unali utalamula kuti liziwerengedwa m'tchalitchi kuyambira Pasaka mpaka Pentekoste. Mu 776 mmonke Beatus wa ku Liébana analemba ndemanga yaikulu ya bukuli m'magawo 12. Iye ankakhala m'mapiri a kumpoto, mu ufumu waung'ono wachikhristu wa Asturias, kunja kwa ulamuliro wa Asilamu. Zambiri anazitenga kwa aphunzitsi akale, makamaka Tyconius wa kumpoto kwa Africa, komanso Primasius, Jerome, Augustine ndi Isidore.

Beatus anawerengetsa kuti zaka 6,000 chilengedwere dziko zidzakwana mu 800, ngakhale anachenjezanso kuti tsiku lenileni ndi la Mulungu yekha. Anthu ambiri amaganiza kuti ndemanga yake ndi yolimbana ndi Chisilamu, koma m'bukumo satchula Asilamu. Mdani amene ankamuopa anali wa m'kati mwa mpingo: aphunzitsi onyenga ndi Akhristu a pakamwa pokha. Mkangano wake waukulu unali ndi Elipandus, bishopu wamkulu wa ku Toledo, mzinda umene unali m'manja mwa Asilamu. Elipandus ankaphunzitsa kuti Yesu, pa umunthu wake, anachita kutengedwa kukhala Mwana wa Mulungu.

Chimene chinatchukitsa bukuli ndi zithunzi. Amonke a m'zaka zotsatira analikopera ndi manja n'kulikongoletsa ndi mitundu yowala ya utoto, ndipo makope ojambulidwa oposa 20 alipo mpaka lero. Limodzi, la mu 975, limene likusungidwa ku Girona, linajambulidwa ndi mayi wotchedwa Ende pamodzi ndi mmonke Emeterius.

Ndiye palibe amene analoza Chisilamu mwachindunji?

Analipo. John wa ku Damascus analemba kuti chipembedzo cha ana a Ismaeli ndi kalambulabwalo wa Wokana Khristu. Koma mawu aukali kwambiri anachokera ku Córdoba, likulu la Asilamu ku Spain. Pakati pa 850 ndi 859, Akhristu pafupifupi 50 anaphedwa kumeneko. Ambiri anapita okha kwa woweruza kukanyoza Mtumiki Muhammad akudziwa chilango chake, ndipo ena anali ana a mabanja osakanizika amene lamulo linkawawerenga ngati Asilamu osiya chipembedzo. Wansembe Eulogius analemba mbiri yawo n'kumawateteza, mpaka nayenso anadulidwa mutu mu 859.

Mnzake wa Eulogius, Paul Alvarus, sanali wansembe. Mu 854 analemba buku lotchedwa Indiculus luminosus, momwe anatenga kanyanga kakang'ono ka pa Danieli 7 n'kukagwirizanitsa ndi Muhammad. Nyengo zitatu ndi theka za m'chaputalacho anati iliyonse ndi zaka 70, zonse pamodzi 245, ndipo mwa kuwerenga kwake kunatsala zaka 16. Ndiye kuti ulamuliro wa Asilamu unayenera kutha mu 870.

Alvarus yemweyo ndiye anadandaula kuti achinyamata achikhristu aluso ankakonda ndakatulo ndi mabuku a Chiarabu, pamene ochepa okha ankatha kulemba kalata yomveka m'Chilatini. Ndikuona kuti bala lake lenileni linali pamenepa. Ankaopa kuti mpingo wake usungunuka mwakachetechete, popanda ndi mmodzi yemwe kufuula.

Kodi Akhristu a ku Córdoba anagwirizana nawo?

Ambiri sanatero. Ankati anthuwa akudziputira imfa ndi kuika pangozi mabanja amene ankakhala mwamtendere. Msonkhano wa mabishopu wa mu 852, umene mfumu Abd al-Rahman II inaitanitsa, unaletsa Akhristu kudzipereka okha kuti aphedwe.

Kodi aliyense wolemba za Baibulo nthawi imeneyo ankangoganiza za mapeto?

Ayi, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi imapotozedwa kawirikawiri. Mabuku a ulosi ndi amene amakopa maso, koma ntchito yochuluka inali ya aphunzitsi odekha, ofotokoza vesi ndi vesi.

Jacob wa ku Edessa, amene anamwalira mu 708, anatha zaka akuyerekeza Chipangano Chakale cha Chisiriya ndi cha Chigiriki kuti akonze mawu ake. Ankayankhanso mafunso a ansembe a kumidzi. Atafunsidwa ngati mayi wachikhristu wokwatiwa ndi Msilamu angalandire mgonero, anati asamukanize, kuopa kuti angachokeretu mumpingo. Cha m'ma 792 Theodore bar Koni, wa kumwera kwa Iraq, analemba buku lofotokoza Baibulo mwa mafunso ndi mayankho, ndipo anaikamo gawo la mphunzitsi ndi wophunzira akukambirana mafunso amene Asilamu ankafunsa. Cha m'ma 850 Isho'dad wa ku Merv analemba ndemanga ya Chipangano Chakale ndi Chatsopano chonse monga mpingo wake unalili nacho.

Aphunzitsi a Mpingo wa Kum'mawa, mpingo wa Theodore bar Koni ndi Isho'dad, ankatsata njira ya Theodore wa ku Mopsuestia, amene anamwalira mu 428. Njira yake inali yofunsa kaye kuti mneneri ankalankhula kwa ndani, ndipo pa nthawi iti. Theodore wa ku Mopsuestiayu anafika ponena kuti masalimo anayi okha, 2, 8, 45 ndi 110, ndiwo akunena za Khristu mwachindunji. Mwambo wakale wa Chisiriya unkaonanso kanyanga ka m'buku la Danieli ngati Antiochus IV, mfumu imene inadetsa Kachisi zaka zoposa 160 Yesu asanabadwe. Munthu wophunzitsidwa chotere sathamangira kupeza mfumu ya masiku ake m'vesi lililonse.

Kodi kukhala pakati pa Asilamu kunasintha mmene ankafotokozera Malemba?

Kunasintha kwambiri, chifukwa mafunso anali atsopano. Cha m'ma 781 Timothy I, mtsogoleri wamkulu wa Mpingo wa Kum'mawa amene anakhazikika ku Baghdad, anakambirana masiku awiri ndi khalifa al-Mahdi. Khalifayo anati Nkhoswe yolonjezedwa mu Uthenga wa Yohane ndi Muhammad, anatchula wokwera ngamira wa pa Yesaya 21 ndi mneneri wofanana ndi Mose wa pa Deuteronomo 18, ndipo anati Akhristu anasintha Malemba. Timothy anayankha vesi lililonse popanda kugonja, koma mwaulemu. Anayamikira Muhammad pochotsa anthu ake ku mafano n'kuwaphunzitsa za Mulungu mmodzi.

Mlandu wa kusintha Malemba unawakakamiza kusamala mawu enieni a m'Baibulo. Timothy analemba m'kalata ina kuti galu wa mlenje wina analowa m'phanga pafupi ndi Yeriko, ndipo m'menemo munapezeka mabuku akale a Chihebri. Atamva zimenezi anatumiza uthenga wopempha kuti afufuzemo mavesi amene Chipangano Chatsopano chimatchula koma sapezeka m'Chakale. Izi zinachitika zaka zoposa 1,100 mipukutu ya ku Qumran isanapezeke m'dera lomwelo mu 1947.

Chinenero nachonso chinasintha. Mu 867, ku Damascus, Bishr ibn al-Sirri anamasulira makalata a Paulo m'Chiarabu n'kuikamo ndemanga. Ku Spain, Hafs ibn Albar anaika Masalimo m'ndakatulo za Chiarabu mu 889. Chimene Alvarus ankalira nacho, ena anachisandutsa chida chosungira chikhulupiriro. Pambuyo pake Ibn al-Tayyib wa ku Baghdad, amene anamwalira mu 1043, anasonkhanitsa nzeru za aphunzitsi a Chisiriya m'ndemanga ya Chiarabu. Ndemangayo inafika ku Ethiopia, kumene inalowa m'mwambo wofotokoza Malemba wotchedwa andemta, umene ukuphunzitsidwabe m'sukulu za mpingo.

Nanga Asilamu eni ake ankayembekezera mapeto?

Inde. Korani imanena zambiri za Tsiku la Chiweruzo, ndipo imatchula Gogi ndi Magogi. Miyambo yawo imanena za wonyenga wamkulu, Dajjal, amene Yesu mwana wa Mariya adzabwera kudzamupha. Nu'aym ibn Hammad anasonkhanitsa miyambo yotere m'zaka za m'ma 800, ndipo ina imaonetsa mantha akuti Aroma adzabweranso kudzalanda Syria. Chimene Mkhristu ankachiyembekezera, Msilamu ankachiopa. Ayuda nawonso anali ndi mabuku awo a ulosi pa nthawi yomweyo.

Zaka zija zitadutsa popanda chochitika, mabukuwo anatayidwa?

Sanatayidwe. Okopera ankakonza manambala kapena kusintha mdani. Pseudo-Methodius anamasuliridwa msanga m'Chigiriki, kenako m'Chilatini m'zaka za m'ma 700, ndipo pambuyo pake m'Chisilavo ndi zinenero zina. Wolemba mbiri wa ku Kiev analigwiritsa ntchito pofotokoza mitundu yoyendayenda imene inkaukira kwawo mu 1096. Ena analitembenuzira kwa Amongoli m'zaka za m'ma 1200, ndipo mu 1683, asilikali a ufumu wachisilamu wa Ottoman atazinga Vienna, mbali zake zinasindikizidwa n'kugawidwa kwa anthu.

Ku Spain, 870 itadutsa, kabuku kena ka mu 883 kanatenga Ezekieli 38 n'kulosera kuti ulamuliro wa Asilamu utha mu 884, mfumu Alfonso III n'kulamulira dziko lonse. Ufumu womaliza wa Asilamu m'dzikolo, wa Granada, unagwa mu 1492.

Ndiye tiwaone ngati onyenga?

Sindikuganiza choncho. Ambiri anali abusa amene ankaona nkhosa zikuchoka, ndipo anagwira chimene chinali pafupi. Munthu wolemedwa ndi msonkho wa wolamulira wachilendo amamva msanga uthenga wakuti nthawi yatha. Ifenso tinaziona kwathu kuno. Mu 1908 ndi 1909 Elliot Kamwana analalikira pakati pa Atonga kuti mu 1914 ufumu wa Khristu udzafika ndipo msonkho wa nyumba udzatha, ndipo anthu zikwizikwi anabatizidwa. Ululu wawo unali weniweni, monganso wa mmonke uja wa ku Mesopotamia.

Koma ululu sumasandutsa kuwerengetsa kolakwika kukhala koona. Olosera aja analakwa poika zaka pa chinthu chimene Mateyu 24 imati munthu sachidziwa, ndipo analakwa kwambiri pamene anapereka mayina a zilombo kwa anthu amene ankagula nawo pamsika umodzi. Mawu a Alvarus anabadwira mumzinda umene anzake ankadulidwa mitu. Kuwatenga lero n'kukawaponyera Msilamu wa ku Mangochi kapena ku Machinga, amene mwina ndi mlamu wanu, ndi kumulakwira iye ndiponso kulakwira mbiri. Amene anagwiradi ntchito yokhalitsa ndi Jacob, Timothy, Isho'dad ndi omasulira aja, amene anaphunzira chinenero cha anansi awo, anamvetsera mafunso awo mpaka kumapeto, n'kuyankha popanda kutukwana.

Inu amene mumakonda Danieli ndi Chivumbulutso, pitirizani kuwawerenga. Koma mlaliki akadzakuuzani chaka, kapena akadzaloza mtundu wa anthu kuti ndiwo chilombo, mufunseni ngati anamvapo za 692, 800, 870 ndi 884.